Ambululu akuswa koma tiachule sitikuoneka, kodi ndi mankhwala a m'munda?

Funso lomwe labwera ndi ili, ndalidula pang'ono: "Kumunsi kwa munda wanga kuli dziwe lomwe limadzaza nthawi ya mvula. Chaka chilichonse achule amaikiramo mazira ndipo ambululu amachita kuda bii m'mphepete. Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikupopera mankhwala opha udzu komanso ophera tizilombo. Mazira ndimawaonabe, ambululu amaswa, koma tiachule tating'ono tomwe tinkadumphadumpha mu udzu sindikutionanso ngati kale. Chonsecho sindinaonepo mbululu wakufa akuyandama. Kodi mankhwala ali ndi mbali pamenepa kapena ndikungoganiza zambiri?"

Zikomo bambo chifukwa cha funsoli, simukuganiza zambiri ayi. Mankhwala atha kukhala ndi mbali ndithu, ndipo kusaona mitembo sikuwachotsera mlandu. Apa ndipomwe anthu ambiri amasokonekera, amadikira kuona ambululu atagada pamwamba pa madzi kuti akhulupirire kuti chinachake chalakwika, pomwe nthawi zambiri mankhwala amene amafika m'dziwe amakhala ochepa moti sangaphe pompopompo, amangochedwetsa kakulidwe kapena kukhotetsa thupi, kenako dziwe lija limauma kapena chilombo chimamugwira mbululuyo asanafike pokhala chule. Komanso mbululu akafa sakhalitsa, thupi lake ndi lofewa kwambiri, anzake omwe ndi tizilombo ta m'madzi amamumaliza msanga, inu pobwera m'mawa mumapeza madzi ali bwinobwino.

Tiyambire pa dzira. Dzira la chule lilibe chikamba ngati la mbalame kapena la buluzi, ndi kampira kakang'ono kokutidwa ndi zoterera zija zonga mamina basi, ndiye madzi amalowa ndi kutuluka pamodzi ndi chilichonse chomwe chasungunuka m'madzimo. Zoterera zija zimatchinga ndithu mankhwala ena pang'ono, nchifukwa chake m'mayeso ambiri zimapezeka kuti dzira limapirira kuposa mbululu amene wangoswa kumene. Izi zikugwirizana ndi zomwe mukuonazo, kuti mazira akuswa bwinobwino. Vuto limayamba akatuluka. Mbululu wamasiku ochepa amapuma ndi tiziwalo tonga ta nsomba komanso ndi khungu, khungulo ndi lopyapyala, ndipo kadyedwe kake ndi kopala ndere ndi matope a pansi, kumene mankhwala ambiri amakakamira akalowa m'madzi. Ndiye amawalandira mbali zitatu, popuma, pakhungu ndi pakamwa, chiwindi chake chisanakhwime kuti chizitha kuphwanya poizoni.

Ndipo nthawi yake imangogundana. Achule ambiri amaswana mvula ikayamba kapena kumayiko ozizira chisanu chikangotha, yomwenso ndi nthawi imene alimi amabzala, kupopera mankhwala a udzu ndi kuthira feteleza. Mvula yamphamvu yoyamba pambuyo popopera ndi imene imatsuka mankhwala ambiri kuchoka m'munda, ndipo amakathera kumalo otsika, m'zithaphwi ndi m'maiwe osaya omwe achule amakonda chifukwa mulibe nsomba. Mumtsinje mankhwala amasungunuka nkupita, m'dziwe laling'ono alibe kolowera.

Tsopano zomwe mankhwalawa amachita m'thupi zimatengera mtundu wake, si onse ofanana, ndipo ndimadandaula anthu akamangoti "mankhwala" ngati ndi chinthu chimodzi.

Ophera tizilombo ambiri akale, monga malathion, chlorpyrifos, diazinon ndi carbaryl, amagwira minyewa. M'thupi muli kamadzi kotchedwa acetylcholine komwe kamanyamula uthenga kuchoka ku mtsempha kupita ku mnofu kuti ukungike, ndipo uthengawo ukafika pamakhala china chomwe chimakachotsa kuti mnofu upume. Mankhwalawa amatseka chochotsacho. Zimakhala ngati hutala ya galimoto yakanirira, ikungolira osasiya. Mukamuyang'ana mbululu wotere m'beseni mumaona akunjenjemera mchira, akusambira mozungulirazungulira kapena chammbali, kenako amangokhala duu pansi, mukamugunda ndi kamtengo sathawa msanga ngati anzake. Sanafe, koma sakudya mokwanira ndipo mwana wa tombolombo amene amakhala m'madzi momwemo akabwera amangomutola. Gulu lina lija la cypermethrin ndi deltamethrin nalonso limagwira mitsempha ngakhale njira yake ndi ina, ndipo ndi loopsa kwambiri kwa nsomba ndi tizilombo ta m'madzi.

Palinso kupunduka kumene kumayamba ali m'dzira kapena atangoswa. Mchira wokhota ngati wathyoka, msana wopindika, mimba yotupa madzi, mutu waung'ono, matumbo osapiringizika bwino. Akatswiri ali ndi mayeso odziwika otchedwa FETAX, amatenga mazira a chule wa mu Africa wotchedwa Xenopus laevis, uja wokhala m'madzi moyo wake wonse wokhala ndi tizikhadabo kumiyendo yakumbuyo, nkuwaika m'madzi a mankhwala kwa maola 96, kenako amawerenga angati afa, angati apunduka, ndipo atalika bwanji. Mankhwala ena othana ndi matenda a nkhungu m'mbewu, a gulu la mancozeb ndi maneb, amadziwika kuti amapinda kamzere kamene kamadzakhala msana mwa ana a nsomba ndi a achule.

Koma pomwe ndikufuna tikhalitsepo ndi pa nkhani ya kusintha kuchoka pa mbululu kukhala chule, chifukwa ndikuona kuti yankho la funso lanu lagona pamenepa. Kusinthaku si nkhani yongomera miyendo. Thupi lonse limagumulidwa ndi kumangidwanso, miyendo yakumbuyo imayamba, yakutsogolo imatulukira pambuyo, tiziwalo topumira m'madzi timatha mapapo nkuyamba ntchito, matumbo ataliatali odyera ndere amafupika kukhala a nyama yodya tizilombo, kamwa imakula, khungu limasintha, mchira sumaduka koma thupi limaumeza wokha nkuugwiritsa ntchito ngati chakudya poti masiku amenewo sadya. Katswiri wina, Kenneth Gosner, mu 1960 anagawa ulendo wonsewu kuyambira dzira mpaka kachule m'magawo 46, ndipo mpaka lero ofufuza amagwiritsabe ntchito manambala ake. Chomwe chimalamula zonsezi ndi mahomoni ochokera m'chithokomiro, omwewo amene ife anthu tili nawo. Mukatseka chithokomiro cha mbululu iye amangokula nkukhala chimbululu chachikulu osasanduka chule, mukamuwonjezera mahomoniwo amasintha msanga nkutuluka kachule kochepetsetsa. Ndiye mankhwala alionse amene angakhudze chithokomiro akhudza nthawi yake yotulukira m'madzi. Mancozeb yemwe uja akamaphwanyika amatulutsa chinthu chotchedwa ETU chomwe chimalepheretsa chithokomiro kupanga mahomoni. Ubale umenewu ndi wamphamvu moti bungwe la mgwirizano wa mayiko ambiri lotchedwa OECD mu 2009 linavomereza mayeso a masiku 21 ogwiritsa ntchito ambululu a Xenopus pofuna kudziwa ngati mankhwala akusokoneza chithokomiro, osati chifukwa cha achule okha komanso kuti tidziwe zomwe angachite kwa zamoyo zina za msana.

Nanga kuchedwako kuli ndi vuto lanji? M'labu kulibe vuto, madzi samauma. Koma dziwe lanu mwanena nokha kuti limadzaza nthawi ya mvula, kutanthauza kuti limaphwa. Mbululu ali pa mpikisano ndi dzuwa, akachedwa ndi sabata imodzi kapena ziwiri madzi nkuphwa iye miyendo yakutsogolo isanatuluke, basi zathera pomwepo, ndipo m'badwo wonse wa chaka chimenecho utha kutha chonchi popanda ndi mmodzi yemwe wophedwa ndi poizoni mwachindunji. Mbali inayo ndi yoti ena akapanikizika amafulumira, amatuluka ali ochepa thupi, ndipo kachule kochepa kamauma msanga padzuwa, sikadumpha patali, kamachedwanso kufika poswana.

Pali kafukufuku wina amene amaonetsa bwino zimenezi, wa Rick Relyea ndi mnzake ku University of Pittsburgh, anatuluka mu 2008. Anakonza matanki akuluakulu panja okhala ngati maiwe, muli ndere, tizilombo ta m'madzi ndi ambululu, nkumathiramo malathion wochepa kwambiri sabata iliyonse, wochepa moti sangaphe mbululu. Chomwe chinafa ndi tizilombo tosaoneka bwino ndi maso tomwe timadya ndere zoyandama. Titatha timeneto ndere zoyandama zinachulukana madzi nkuchita bii, dzuwa linasiya kufika pansi, ndere za pansi zomwe ambululu amapala zinachepa, ambululu a mtundu wochedwa kukula anayamba kuchedwa kwambiri ndipo madzi atayamba kuphwa ambiri anafa asanasinthe. Mtundu wina wofulumira kukula unapulumuka chifukwa unatuluka njala isanafike. Taonani mmene zinayendera, mankhwala sanamukhudze mbululu mwiniwake, anangomuphera chakudya kudzera njira yozungulira. Munthu woima pamphepete pa dziwe angangoti chaka chino madzi abiriwira, osadziwa kuti nkhani yayambira pa sipuleya.

Relyea yemweyo ndi Nathan Mills mu 2001 anapezanso china chomwe chimasokoneza manambala a pa lebulo. Ambululu amanunkhiza fungo la chilombo chowadya m'madzi ndipo amakhala ndi mantha, thupi limapanikizika. Ataika carbaryl pamodzi ndi fungo limenelo, chilombocho chili chotsekeredwa osatha kuwagwira, mankhwalawo anapha kuwirikiza kawiri mpaka kanayi poyerekeza ndi m'madzi opanda fungolo. Mayeso ovomerezera mankhwala amachitika m'madzi oyera, chakudya chilipo, chilombo palibe, kwa masiku anayi nthawi zambiri. Dziwe lenileni silili choncho. Ndipo masiku anayiwo nawonso amabisa zinthu, ndi mankhwala ophera tizilombo otchedwa endosulfan zinapezeka kuti ambululu a mitundu ina amaoneka amoyo pa tsiku lachinayi koma amadzafa masiku otsatira ngakhale mutawasamutsira m'madzi abwino. Endosulfan anaikidwa pa mndandanda wa mankhwala oyenera kuthetsedwa padziko lonse pansi pa pangano la Stockholm mu 2011, koma ngati muli ndi botolo lakale penapake musaligwiritse ntchito chonde.

Tibwere ku mankhwala a udzu poti mwati mumapopera. Anthu amaganiza kuti poti ndi opha zomera ndiye kuti nyama sizikhudzidwa. Glyphosate payekha alibe mphamvu kwambiri pa ambululu, zoona, koma m'botolo simukhala glyphosate yekha. Amasakanizamo zinthu zonga sopo zothandiza kuti mankhwala amatirire ndi kulowa m'tsamba, ndipo chimodzi mwa izo, POEA, chimawononga tiziwalo topumira ta mbululu. Ofufuza a ku Australia, Mann ndi Bidwell, anaonetsa mu 1999 kuti mankhwala osakaniza kalewo ndi oopsa kwa ambululu kuposa glyphosate weniweniyo. Mu 2005 Relyea anathira Roundup, mankhwala a glyphosate osakaniza ndi POEA, m'matanki ake aja ndipo ambululu 98 pa 100 alionse anafa m'masabata atatu. Kampani yopanga inatsutsa, inati mulingo unali wokwera komanso mankhwalawo sanapangidwe kuti azithiridwa m'madzi, ndipo mfundoyo ili ndi pake chifukwa m'maiwe okhala ndi matope ambiri POEA amakakamira pansi mphamvu yake nkuchepa. Koma tinene zoona, chithaphwi chosaya chomwe chili m'kati mwa munda kapena m'mphepete mwake chimapoperedwa limodzi ndi udzu, wopopera sachizungulira. European Union inaletsa kusakaniza POEA m'mankhwala a glyphosate mu 2016. Ndiye mabotolo awiri onse olembedwa glyphosate atha kusiyana kutalitali pa zomwe angachite m'dziwe, ndipo zosakanizazo kawirikawiri sizilembedwa mayina pa lebulo, chinthu chomwe ine chimandinyansa.

Atrazine ndiye nkhani yomwe inachita phokoso kwambiri, mwina munaimvapo mokokomeza. Ndi mankhwala a udzu ogwiritsidwa ntchito kwambiri m'minda ya chimanga ndi nzimbe, amasungunuka mosavuta ndipo amakhalitsa m'madzi. Mu 2002 Tyrone Hayes wa ku University of California, Berkeley, analengeza kuti ambululu a Xenopus okulira m'madzi okhala ndi atrazine wochepa zedi, 0.1 ppb, ena anadzakhala ndi ziwalo zoberekera zosokonekera, zaumuna ndi zaukazi m'thupi limodzi. Kuti mumve kuchepa kwake, 1 ppb ndi galamu imodzi m'malita 1 miliyoni a madzi, ndipo malire a atrazine m'madzi akumwa ku United States ndi 3 ppb. Mu 2010 gulu lake linanenanso kuti mwa achule aamuna okulira mu 2.5 ppb, mmodzi pa khumi alionse anasanduka wamkazi mpaka kuikira mazira. Maganizo ake ndi oti atrazine amachititsa thupi kusandutsa mahomoni aumuna kukhala aukazi pa nthawi yomwe ziwalozo zikupangika. Koma kafukufuku wina wamkulu, wolipiridwa ndi kampani ya Syngenta yomwe imapanga atrazine, sanapeze zimenezi, ndipo bungwe loona zachilengedwe ku America la EPA mu 2007 linati atrazine sasokoneza ziwalo zoberekera za achule. Mkanganowo sunathe mpaka lero. Ku European Union atrazine anachotsedwa pamsika kuyambira 2004, ngakhale chifukwa chomwe anapereka chinali kuipitsa madzi a pansi pa nthaka osati achule. Ine kuona kwanga, nkhani ya kusanduka akaziyi yatenga malo ochuluka kuposa oyenera, anthu mpaka amaiseka, pomwe pali zina za atrazine zomwe sizikambidwa kwenikweni koma umboni wake ndi wochuluka, monga kutuluka m'madzi ali ochepa thupi ndi kufooka kwa chitetezo cha m'thupi.

Chitetezocho chikutifikitsa pa achule a miyendo isanu. Mu 1995 ana asukulu ku Minnesota anapeza achule ambiri opunduka pa dziwe lina, ena miyendo yoonjezera ena opanda mwendo, ndipo aliyense analoza chala mankhwala. Kafukufuku wotsatira, makamaka wa Pieter Johnson mu 1999, anaonetsa kuti kupunduka kwa mtundu umenewu kumatha kuyambitsidwa ndi kanyongolotsi kotchedwa Ribeiroia, komwe kamakulira mu nkhono za m'madzi, kamatuluka nkukalowa mwa mbululu pamalo pomwe miyendo yakumbuyo ikuphukira, ndipo kakakhazikika pamenepo mwendo umagawikana kapena sumera. Ena anati ndiye kuti mankhwala alibe mlandu. Koma Joseph Kiesecker mu 2002 anapeza kuti ambululu a m'maiwe olandira madzi ochokera m'minda ankagwidwa kwambiri ndi nyongolotsi zoterezi, ndipo mu 2008 Jason Rohr ndi anzake atayeza madambo a ku Minnesota anapeza kuti kuchuluka kwa atrazine ndi phosphate wa mu feteleza ndi komwe kunkalosera bwino kuchuluka kwa nyongolotsi mwa achule. Ndere zikachuluka nkhono zimachuluka, nkhono zikachuluka nyongolotsi zimachuluka, kwinaku chitetezo cha mbululu chafooka. Ndiye funso loti ndi mankhwala kapena ndi matenda nthawi zina silikhala ndi yankho limodzi, zimagwirira ntchito pamodzi.

Feteleza ndamutchula mongodutsa, koma naye ammonium nitrate akachuluka m'madzi amafooketsa ambululu, ndipo timibulu take tikamatirira pakhungu lonyowa la chule woyenda m'munda timamuvulaza. Ophera tizilombo a gulu la neonicotinoid ngati imidacloprid sapha ambululu msanga pa milingo yomwe imapezeka m'madzi, vuto lawo lalikulu lili pa tizilombo ta m'madzi.

China chomwe simuyenera kuchiiwala, inu mukuti chomwe chasowa ndi tiachule ta mu udzu. Nkutheka kuti ambululu anu akumaliza bwino m'madzi koma akufera pakhomo potuluka. Kachule kongotuluka kumene nkakang'ono ngati chikhadabo cha chala, khungu lake ndi lalikulu poyerekeza ndi thupi, ndipo kamamwa madzi kudzera pakhungu la pamimba kakakhala pa dothi kapena tsamba lonyowa. Ku Germany, Carsten Brühl ndi anzake mu 2013 anapopera tiachule ta mtundu wa Rana temporaria ndi mankhwala asanu ndi awiri, pa mulingo womwewo wolembedwa pa lebulo. Ena mwa mankhwalawo, opangidwa ndi pyraclostrobin wothana ndi nkhungu, anapha tonse pasanathe ola limodzi, ndipo ngakhale ofatsa kwambiri mwa ovomerezeka kugulitsidwa anapha 40 pa 100 m'masiku asanu ndi awiri. Anthu ambiri sawaopa mankhwala a nkhungu poti sapha tizilombo, koma kwa achule ena mwa iwo ndi oopsa kuposa ophera tizilombo, chlorothalonil nayenso anapezeka kuti amapha ambululu pa milingo yomwe ingapezeke m'madzi pambuyo popopera. Ndiye ngati sabata yomwe tiachule tikutuluka ndi yomweyo imene mukupopera kachiwiri mbali ya kumunsi kwa munda, pamenepo pokha pakwana kufotokoza zomwe mukuona.

Komabe musathamangire kuweruza mankhwala okha. Lipoti lalikulu la mu 2023 lounika achule ndi abale awo padziko lonse, mitundu yoposa 8,000, linapeza kuti 41 pa 100 ili pa chiopsezo chotha, ndipo chifukwa chachikulu ndi kuwonongeka kwa malo awo okhala, kenako matenda monga nkhungu ya chytrid yomwe imagwira khungu, ndi kusintha kwa nyengo. Pa dziwe lanu dzifunseni ngati silinayambe kuphwa msanga kuposa kale chifukwa cha dothi lokokoloka lomwe lalikwirira, ngati wina sanaikemo nsomba chifukwa nsomba zimatha ambululu a mitundu yambiri, komanso ngati udzu wa m'mphepete womwe tiachule tinkabisalamo ulipobe. Mankhwala opha udzu amatha kuvulaza chonchonso, kungoyeretsa m'mphepete mwa dziwe kachule nkutulukira pa dothi la mbee lotentha mbalame zikuonerera.

Mutha kufufuza nokha popanda labu. Tengani beseni loyera mkati, kamodzi pa sabata tungani madzi a m'dziwe momwemo ndi ambululu angapo, muwayang'ane pamthunzi. Mbululu wathanzi mchira wake umakhala woongoka, mukagwedeza beseni amabalalika nthawi yomweyo. Onani ngati alipo okhota mchira, otupa mimba, ozungulira pamalo amodzi kapena ongogona chammbali. Lembani tsiku lomwe mwayamba kuona timiyendo takumbuyo, tsiku la yakutsogolo, ndipo zikani kamtengo m'madzi kuti muziona mmene akuphwera. Lembaninso masiku opopera, dzina la mankhwala ndi tsiku lomwe kwagwa mvula yamphamvu. Mukatha abwezereni momwe mwawatenga, osawasamutsira dziwe lina chifukwa mutha kusamutsa matenda, ndipo manja anu asakhale oti mwangogwira kumene mankhwala kapena sopo. Ngati pali dziwe lina pafupi lomwe sililandira madzi a m'munda, liyang'aneninso masiku omwewo, kufananiza kumeneko kungakuuzeni zambiri. Ambululu akasowa mwadzidzidzi tsiku limodzi kapena awiri mvula itagwa pambuyo popopera, ganizirani poizoni wachindunji. Akakhalapo koma miyendo osatuluka mpaka madzi kuphwa, ndi nkhani ya kuchedwa ija, kaya chifukwa cha mankhwala, njala kapena kuthithikana. Akafika pomera miyendo yonse inayi kenako osaoneka mu udzu, vuto lili pamtunda.

Pa zoti muchite, sindikukuuzani kuti musiye kulima kapena kusiya mbewu zidyedwe. Chachikulu kwambiri, musatsukire sipuleya m'dziwe kapena pafupi nalo, musasakanizire mankhwala m'mphepete mwa madzi, ndipo zotsalira mu thanki musakhuthulire mu ngalande yolowera kumeneko, chifukwa madzi otsukira okhawo amatha kukhala ndi mankhwala ambiri kuposa onse okokoloka m'munda. Mabotolo otha atsukeni katatu madziwo nkuthira mu sipuleya momwemo kuti akathere m'munda, kenako abooleni. Siyani mpata wa udzu wosapopera kuzungulira dziwe, mamita angapo, ndipo ukakhala malo otsetsereka uchite kukula, udzuwo umagwira dothi ndi mankhwala omatirira ku dothilo komanso ndi pobisala tiachule. Werengani lebulo, mankhwala ambiri oopsa kwa zamoyo za m'madzi amakhala ndi chenjezo kapena chizindikiro cha nsomba yakufa ndi mtengo wouma, ndipo ena amalemba mtunda woyenera kusiya kuchokera pamadzi. Osapopera kukuchita mphepo yolowera ku dziwe kapena mitambo ya mvula itachita kale kulendewera. Musawonjezere mulingo poganiza kuti agwira bwino, ndiponso kusakaniza mitundu ingapo mu thanki imodzi popanda malangizo kumatha kukulitsa mphamvu yake pa zamoyo za m'madzi.

Pa nthawi yopopera pali kokanakokana pang'ono. Alangizi ambiri amati poperani madzulo pofuna kuteteza njuchi, ndipo akunena zoona, koma achule amayenda usiku makamaka kukanyowa, ndiye amadutsa pa masamba ndi dothi mankhwala asanaume. Kufupi ndi dziwe ine ndingasankhe m'mamawa mame atauma kukakhala kuti mbewu sizili pa maluwa, kuti pofika usiku zikhale zitauma. Ndipo mukangoona kuti ambululu ambiri atulutsa miyendo yakutsogolo michira ikufupika, mizere ya kumunsiyo isiyeni kaye kwa sabata ziwiri kapena zitatu, udzu wa pamenepo muzule ndi manja kapena mupalire ndi khasu mpaka tiachule titabalalika.